Mailo Ake Ati?

Atate anayamba kukamba za mtsinje titangotuluka pachipatala. Miyendo yawo inali itatupa mpaka nsapato za kutchalitchi zinawakana, ndipo adokotala anali atanena zambili za mtima wawo, zimene ine ndinazimva bwinobwino koma ndinanamizila kuti zandipita. Mwamuna wanga anali kuyendetsa motoka, atate pambali pake, ine ndi amai kumbuyo. Tisanafike n'komwe pamsika wa Petauke, atate anati, "Ine ndifuna kukaona Luangwa. Kuli munthu kumeneko amene sindinamuuze zikomo."

Amai sanafunse kuti munthu wake ndani. Anangoti, "Wabodza uja?" Kenaka anatembenukila kuwindo.

Munthuyo ine ndinakula ndikumudziwa ngati wachibale, ngakhale dzina lake panalibe amene analidziwa. Makolo anga anabadwila ku Mozambiki, kumapili, komwe anthu amati dzulo akanena za tsiku lapita ndi mawa akanena za tsiku likubwela. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo anathawa wapansi, ine ndili pamsana, mwana wa miyezi yochepa. Njila za kumtunda zinali zoopsa, choncho anatsata anzawo mpaka anafika pa Luangwa. Pamenepo anapeza bambo wina wa tsidya la Zambia akuwolotsa anthu pa bwato lake, akazi ndi ana poyamba. Amai atatsika anamufunsa za amuna amene anatsala kutsidya. Iye anayankha liwu limodzi: "Mailo." Amai sanalimvepo liwulo chibadwile. Mai wina wa pamudzipo anawamasulila kuti ndiye kuti mawa, ndipo iwo analisunga choncho.

Ine ndinadwala m'mimba tsiku lomwelo, amai n'kupita nane kumudzi wina wa kumtunda komwe kunali mankhwala. Anabwelela padoko patapita masiku awili, anapeza mwini bwato uja akukankhila bwato lake m'madzi, nkhafi ili m'manja. Anafuula kuti, "Nanga amuna anga?" Iye anatinso, "Mailo," n'kupalasa kumapita. Amai anakhala pansi kudikila mawa. Iwo sanadziwe kuti kuno mailo ndi mawa, komanso mailo ndi dzulo. Atate anali atawoloka kale dzulo lake, atakwezedwa lole yopita kumsasa wa othawa nkhondo kuno ku Petauke, atauzidwa kuti akazi anatsogola.

Amai anadikila padoko paja masiku asanu ndi anai. Mwini bwato sanaonekenso, akuti anali atasamukila pa doko lina kumunsi. Tsiku lakhumi amai anameta tsitsi, analila malilo a mwamuna wawo, n'kukwela lole. Kumsasa midzi inali yambili ndiponso yotalikilana, ndiye anakhala miyezi isanu ndi iwili aliyense akuganiza kuti mnzake kulibe. Anakumana pachigayo. Atate ankakonda kunena kuti, "Ndinapeza mkazi wanga akundilila, ufa mbuu kumaso, ine ndili wamoyo ndanyamula chitini cha chimanga." Iwo ankaseka akamanena zimenezi. Amai sanasekepo ngakhale tsiku limodzi.

M'nyumba mwathu liwu lakuti mailo linali ngati kutukwana. Kusukulu tinali kulinena tsiku lonse, kumsika, kutchalitchi, paliponse, koma ukangolowa nalo pakhomo amai ankakubweza nalo. "Lankhula ngati munthu! Dzulo kapena mawa?" Ine mpaka lelo ndikalinena ndimayamba ndayang'ana kumbuyo.

Nkhani ya atate inali ina. Iwo sadziwa kusambila. Bwato lili pakati pa mtsinje munthu wina anaimilila ndi mantha, bwato linapendama, atate n'kugwela m'madzi. Mwini bwato anawagwila pakolala ndi dzanja lamanzele n'kuwakoka ngati thumba. Chimene atate anaona n'chakuti dzanjalo linalibe chala chachikulu. Atafika pamtunda anagwada n'kumasanza madzi, ndipo pamene anadzutsa mutu, bwato linali kale pakati, likubwelela kukatenga ena. "Sindinamuombele m'manja ngakhale kamodzi," ankatelo. Zaka zonsezi ankati adzapita akakolola, akamanga nyumba, ife tikamaliza sukulu. Tsopano miyendo inali itatupa.

Ine ndinakana. Ndine woyamba kubadwa ndipo pakamwa ndinatengela amai, zimenezo sindibisa. Ndinati munthu wodwala mtima satengedwa kupita kukafuna mlendo wopanda dzina m'mabango, amene mwina anamwalila kalekale. Mwamuna wanga, Mnsenga wa ku Nyimba amene sanapsepo mtima chikwatilane, anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma. Ndiye anati, "Manje tamvela. Masukulu atseka sabata ya mawa. Ana athu sanakwelepo boti. Tiyeni tonse, ikhale holide. Tikamupeza, chabwino. Tikapanda kumupeza, atate aona madzi awo." Ndinati holide ya mtundu wanji yokhala ndi mapilitsi asanu ndi limodzi pa tsiku. Koma ana athu aakazi awili anali atamva kale liwu lakuti boti, ndipo nkhani inathela pomwepo.

Atate anakonza mphatso: tambala woyela, wamkulu koposa onse pakhomo, ndi thumba la nshawa za m'munda mwawo. Amai anati iwo sapita, ndipo nshawa zawo sizidyedwa ndi munthu wabodza. Anatelo akuswa nshawazo. Anaziswa masiku atatu, akusankha zofota n'kuziika padela, pakamwa posatseka. M'mawa wa ulendo tinawapeza ali kale m'motoka, atavala chitenje chatsopano, chikwama pamiyendo. "Ndikupelekeza mpaka pamlatho wa Luangwa basi," anatelo. "Pa madzi ine sindipondanso."

Tinaima pa Nyimba kugula nthochi, ana anadya mpaka mimba zinatuluka. Kuchoka apo msewu umayamba kukhotakhota m'mapili, ndipo tambala, amene anali womangidwa miyendo kumbuyo kwenikweni, ankalila pa khona lililonse ngati kwacha. Tinafika pamlatho dzuwa lisanafike pamutu. Panali fungo la nsomba zouma, madengu ndi zipewa za mlaza zili mbwee m'mbali mwa msewu, ndipo pansi pathu panali Luangwa, wofiilila, wotakata, akuyenda mwaulesi ngati alibe mlandu ndi munthu. Atate anavula chipewa.

Boti linali la injini, lalitali, la mabenchi anai. Woyendetsa wake anali mnzake wa mwamuna wanga wa kusukulu, bambo wamfupi wa ndevu zoyamba kuyela, amene anakulila pamtsinjepo. Atate atamuuza za dzanja lopanda chala chachikulu, iye anaganiza pang'ono n'kuti, "Amdala aja? Alipo. Kapena ndinene kuti chaka chatha analipo. Ndi kumunsi, maola atatu ngati mchenga utilola." Atate anatembenuka kuyang'ana kumunsi kwa mtsinje. Ine mtima unangoti phaa, chifukwa ndinali nditakonzekela kuwatonthoza, sindinakonzekele kuti munthuyo angakhale wamoyo.

Tinavala majekete oyandamitsa, ana analowa, tambala analowa, nshawa zinalowa. Atate tinawanyamula awili, mwamuna wanga ndi woyendetsa, n'kuwakhazika pa benchi yapakati. Amai anaima pamchenga, chikwama atachikumbatila. Ndinawauza kuti pali nyumba ya alendo pafupi, akatidikile kumeneko, tibwela madzulo kapena mawa. Atate anakweza dzanja n'kuti, "Tsalani bwino, amake mwana."

Woyendetsa anakoka chingwe, injini inalila. Pamenepo ndi pamene amai anakuwa. "Imani! Imani, inu!" Anakwinya chitenje mpaka m'mawondo n'kulowa m'madzi ndi nsapato zomwe. "Ine ndi inu kusiyananso padoko? Kachiwili? Paja zinatha bwanji?" Anagwila m'mphepete mwa boti ndi manja onse awili, maso atatsinzina.

Apa panabuka vuto lina. Munthu amene anali pafupi kuti awakweze anali mwamuna wanga, ndipo kwathu mkamwini sagwila apongozi ake aakazi, ngakhale kukhala nawo mphasa imodzi sakhala. Zaka khumi ndi zitatu anthu awiliwa ankapatsana moni atatalikilana, wina atagwada uku, wina uko, maso pansi. Mwamuna wanga anatambasula manja, n'kuwabwezanso, n'kuyang'ana ine. Ine ndinali kutsogolo, mwana ali pamiyendo. Amai anatsegula diso limodzi n'kuti, "Apongozi, ng'ona sidziwa mwambo. Kokani!" Anawakoka. Atakhala pansi pafupi ndi atate, mwamuna wanga anathawila kumapeto kwenikweni kwa boti, n'kukhala chofulatila, moyang'anizana ndi tambala. Ulendo wonse anauona chakumbuyo.

Ola loyamba amai sanatsegule maso. Dzanja limodzi linali pa benchi, lina litagwila lamba wa jekete la atate, ndipo milomo inkayenda, ndikuganiza kuti ankapemphela. Ana okha ndiwo anali pa holide yeniyeni. Ankakuwa akaona chilichonse: nkhwazi pamtengo wouma, akazi akuchapa pamwala, ng'ona itagona pamchenga kukamwa kuli yasa. Titakhota pena tinapeza mvuu zisanu ndi ziwili, makutu okha ali pamwamba. Woyendetsa anachepetsa injini n'kudutsa chakutali, akumenya m'mbali mwa boti ndi chikhatho kuti zidziwe kuti tikupita. Imodzi inafwenthela mwamphamvu, tambala n'kuyankha. Mwana wanga wamng'ono anaseka mpaka anagwa pa benchi, ndipo ndinaona amai atsegula maso kuti aone chimene chikuseketsa mdzukulu wawo. Sanawatsekenso.

Kawili konse boti linakhala pamchenga. Amuna ankatsika kukankha, madzi ali m'mawondo, ine ndikuyang'ana uku ndi uku kufuna ng'ona, ndikuwakalipila kuti afulumile ngati kuti iwo akuchita dala. Kachiwili mwamuna wanga anaponda pa dzenje n'kumila mpaka m'khosi, foni ili m'thumba. Anatuluka akulavula madzi. Amai, amene mpaka tsiku limenelo anali asanalankhulepo naye mawu opitilila moni, anaseka mpaka kugwila m'mimba, n'kumuponyela chitenje chawo chakale kuti adzipukute. Zimenezi zokha zikanandikwanila kuti ndinene kuti ulendowu sunapite pachabe.

Titapitilila, woyendetsa analoza kumanzele ndi mlomo n'kuti, "Uko ndi kwanu." Panalibe chizindikilo chilichonse. Mabango omwewo, mitengo yomweyo, mbuzi zikudya m'mphepete, mwana akutunga madzi. Ine ndinabadwila tsidya limenelo koma ndinaliyang'ana ngati chithunzi cha m'buku. Atate analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndi pafupi chonchi? Tsiku lija panali patali." Amai anati, "Madzi anali ambili."

Tinafika dzuwa litapendeka. Doko lake linali kanjila kotsika pakati pa mabango, mabwato atatu atamangidwa pa chitsa, ndi mtengo waukulu wa mvunguti pamwamba pake. Amai atangouona mtengowo anati, "Ndi pano." Anatsika okha, osagwilidwa ndi munthu, anakwela kamtunda, n'kukaima pamizu yake. "Ndinkakhala apa. Iwe ndinkakugoneka apa." Anandionetsa malo ake ndi phazi. Ndinayang'ana pansi, panali zitosi za mbuzi ndi chipatso chouma cha mvunguti.

Nyumba ya mwini bwato inali yachitatu kuchokela padoko. Tinapeza mwana wake wamkazi, mai wa msinkhu wanga, akupeta mapila. Anatiyalila mphasa, tinapatsana moni mwadongosolo, kenaka atate anafunsa za bambo ake. Iye anati anapita kumalilo a mlongo wawo, kuseli kwa phili. Ine ndi changu changa ndinalumphila, "Liti?" Maiyo anati, "Mailo."

Mayo ine! Ndinamva mphasa ikugwedezeka. Amai anasendela kutsogolo, maso ali psuu, chala chili m'mwamba. "Mailo ake ati? Mwana iwe, undiuze bwinobwino, ndakalamba ine. Anapita mailo kapena abwela mailo?" Maiyo anaima kupeta, anatiyang'ana ngati tapenga, n'kuyankha mofatsa kuti, "Zonse ziwili, amai. Anapita mailo, abwela mailo." Atate anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumawasisita pamsana.

Kuseka kutatha ine ndinayamba kuwelenga mavuto. Mapilitsi ndinali nditatenga a masiku awili okha. Foni ya mwamuna wanga inali itafa ndi madzi, yanga inalibe netiweki. Atate akanadwala pamenepo, chipatala chinali maola atatu pa madzi. Ndinati tisiye tambala ndi nshawa kwa mwana wawoyu, akawauze kuti kunabwela anthu othokoza, ife tibwelele kusanade. Ndinalankhula mokweza, ndikuvomela, pakhomo pa eni ake. Atate anadikila ndimalize n'kuti, "Tambala ukhoza kumusiya. Zikomo satumiza." Ndinati nanga mukafela pano? Mawuwo atangotuluka ndinafuna kuwameza.

Amai ndiwo anandiyankha. "Ine ndinadikila pansi pa mtengo uwo masiku asanu ndi anai, iwe uli pamsana ukundinyela. Iwe tsiku limodzi lakulemela? Khala pansi. Ulendo uno tikudikila tili tsidya limodzi." Ndinakhala pansi. Manyazi anandigwila mpaka m'makutu, ndipo mwamuna wanga, amene anali atakhala patali pa chitsa monga mwa mwambo, anayang'ana kumwamba ngati akuwelenga mbalame.

Anatipatsa malo m'katchalitchi ka pamudzipo, tinagona pa mphasa. M'mawa mwake ndi umene ana anga amaukumbuka akamati holide. Woyendetsa anatitenga pa boti kupita pa kachilumba ka mchenga pakati pa mtsinje, pamalo osaya pomwe ng'ona sizifika, ndipo anawaphunzitsa kuwedza ndi nyongolotsi. Wamkulu anagwila mlamba n'kuutaya ndi mantha utayamba kulila. Atate anakhala pampando umene tinabweleka, miyendo yotupa ija ili m'madzi ozizila, chipewa chili pamaso. Amai anali pambali pawo akuwathila madzi m'misongolo ndi chikhatho, akuwakalipila kuti sanamwe mapilitsi pa nthawi yake. Ine ndinakhala pamchenga wotentha ndikuwayang'ana, osachita kanthu, chinthu chimene sindinachitepo zaka zambili. Ndinali wokondwa, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti ndine wokondwa, zimene sizichitika kawilikawili.

Titabwelela kumudzi tinapeza munthu wakhala pansi pa mvunguti. Anali wamng'ono thupi, mutu woyela, atavala jekete lakuda la kumalilo lomukulila, ndodo ili pakati pa miyendo. Ine m'maganizo mwanga ndinali ndi chimphona. Dzanja lamanzele linali pa bondo, zala zinai.

Atate anakana kugwilidwa. Anayenda okha kuchoka pa boti mpaka pamtengo, pang'onopang'ono, akupuma kawili. Atafika anayamba kugwada. Ndinathamanga kuti ndiwaletse, amai anandigwila mkono. Zinatenga nthawi, mawondo akukana, koma anafika pansi. Anaomba m'manja katatu, mwaulemu, monga amaombela kwawo, n'kuti, "Bambo, ine ndine munthu amene munamuvuula pakati pa mtsinje uwu nthawi ya nkhondo. Ndinagwa m'bwato lanu, munandigwila pakolala. Ndinalibe mpweya wonenela zikomo, ndipo pamene ndinaupeza munali mutapita. Ndakhala ndi moyo zaka zonsezi. Ndalima, ndabeleka ana asanu, awa ndi adzukulu anga. Zikomo, bambo. Zikomo kwambili."

Mkuluyo anawayang'anitsitsa, anayang'ana tambala amene mwamuna wanga anamuika patsogolo pake, n'kupukusa mutu. "Pepani, bambo, sindikukumbukani. Anagwa ambili chaka chimenecho. Ena ndinawagwila, ena sindinawagwile." Anayang'ana kumtsinje. "Amene sindinawagwile ndiwo ndimawakumbuka. Palibe anabwelapo kudzandiuza kuti ali moyo. Ndinu oyamba." Anagwila dzanja la atate ndi manja ake onse awili, ndipo amuna awiliwo anakhala choncho, wina pamuzu, wina atagwada, misozi ikutsika osaipukuta.

Ine ndinali ndikuyang'ana amai, chifukwa ndimawadziwa. Anadikila mpaka atate titawakhazika pampando. Ndiye anakonza chitenje, anakhala pansi moyang'anizana ndi mkuluyo, n'kuyamba. Anamuuza zonse, za masiku asanu ndi anai, za tsitsi lometa, za miyezi isanu ndi iwili, za chigayo. Mawu sanakweze, koma aliyense padoko anasiya zimene ankachita. Anamaliza ndi kuti, "Liwu limodzi, bambo. Mukanawonjezapo limodzi lokha, kuti anawoloka. Chinakuvutani n'chiyani?"

Mkuluyo anagwila pakamwa. "Mai wa mwana wodwala pansi pa mtengo uno? Anandiuza akazi anga za inu nditabwelako. Koma ine ndinakuuzani, amai! Ndinati mailo, n'kuloza kumbuyo. Chonchi." Anakweza dzanja lamanzele n'kuliponya paphewa, monga amachitila munthu akamaloza kumbuyo ndi chala chachikulu. Tonse tinaliyang'ana dzanjalo. Iyenso analiyang'ana. Panali chibakela chokha, cholozela panalibe.

"Kumanja kunali nkhafi," anatelo motsitsa, ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Sindidziwa amene anayamba kuseka. Ndikuganiza kuti ndi woyendetsa boti, amene anathawila kuseli kwa mtengo. Kenaka mwana wa mkuluyo, kenaka atate. Amai analimbana nako, milomo ataimanga, mapewa akugwedezeka, mpaka kunawaphulika. Anaseka nkhani imene anali asanaisekepo chiyambile, anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulila, n'kubisa nkhope m'chitenje. Ana anga anandiyang'ana kuti ndiwauze ngati ambuye awo akuseka kapena akulila.

Atapukuta maso, amai anakoka thumba la nshawa n'kuliika okha pamapazi a mkuluyo. "Bambo, ndakutchulani wabodza pamaso pa ana anga zaka zonsezi. Mundikhululukile. Ndiponso ine munandiwolotsa poyamba, ndi mwana uyu," anandiloza, "ndipo zimenezo sindinaziwelengepo. Nshawazi ndaswa ndine. Mulibe yofota ngakhale imodzi." Anaomba m'manja. Nanenso ndinapezeka ndagwada ndikuomba, ine amene ndinkafuna kusiya tambala n'kuthawa.

Tambalayo anaphedwa tsiku lomwelo, mkuluyo anakana kuti timusiye wamoyo, anati mlendo sadyela kwawo. Tinadya tonse pansi pa mvunguti. Pobwelela tinali kulimbana ndi madzi, ulendo unatenga maola anai, ndipo atate anagona njila yonse mutu uli paphewa pa amai. Mwamuna wanga anakhalanso kumapeto chofulatila, koma amai anamutumizila chiwindi cha tambala chimene anamusungila, chikudutsa m'manja mwa ana.

Atate anatisiya mvula itayamba, chimanga chili m'mawondo. Anagonekedwa m'chipatala sabata imodzi. Tsiku lomaliza amai anachoka pambali pawo masana kuti akasambe ndi kusintha zovala, ine n'kutsala. Atabwelako anapeza zatha. Ndinkaopa kuti chimenechi chidzawadya moyo wonse, kuti anasiyananso pa nthawi yolakwika, ndipo milungu ingapo sindinayelekeze kuikhudza nkhaniyo.

Anaiyamba okha. Tinali pakhonde masana ena, tikuswa nshawa zotsala za mbewu. Anati, "Ukudziwa zimene ananena atate ako pamene ndinkatuluka? Iwe unali utapita kukaitana anesi. Anati, amake mwana, tionana mailo." Ndinasiya kuswa. Munthu amene sanalitchulepo liwulo m'nyumba mwake kuopa mkazi wake, anakalitchula pa bedi la chipatala. Mtima unandiwawa, ndinatsala pang'ono kunena kuti nawonso ananama.

"Ndiye munati chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinawafunsa kuti mailo ake ati."

"Anati bwanji?"

"Anati zonse ziwili."

Anakankhila lichelo kwa ine n'kuti ndizisankha bwino, zofota ndiziika padela.